Foni Tinaiyesera pa Boda

Amayi anga anakalamba asanagonepo kutali. Anabadwira ku Kabwazi, anakwatiwa ku Bembeke, ndipo maulendo awo onse anali a pakati pa malo awiriwa: kumunda wa kachewere, kutchalitchi, kuchigayo ndi kumaliro. Ndiye mutha kuona mmene nyumba inagwedezekera tsiku limene mng'ono wanga, amene amasoka zovala ku Joni, anaimba foni kuti mwana wake woyamba watsala pang'ono kubadwa ndipo akufuna amayi akakhale naye m'chikuta. Ankalankhula akulira. Anati sakufuna kuti khandalo lisambitsidwe koyamba ndi manja a anthu osalidziwa.

Ine ndine woyamba kubadwa, ndiponso mphunzitsi wa kupulayimale, kotero kwathu chilichonse chokhala ndi pepala chimagwera ine. Kuwaperekeza sindikanatha chifukwa sukulu inali mkati. Ntchito yanga inali yokonza ulendo: pasipoti, tikiti ya basi, foni yoti izikagwira kunja, ndi inshuwalansi ya chipatala imene mng'ono wanga anaumirira. Amayi amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo iye anati kunjako mlendo akadwala amayamba amufunsa kaye kuti akulipirira ndani. Ndinavomera zonse ndi mtima wodzikuza, poti ndimadzitenga ngati munthu wodziwa zinthu.

Abambo sanakane, sanavomerenso. Anangovula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati ngati mwagwera kanthu. Tonse tinkadziwa chimene chinkawavuta. Kwathu kuno nthawi zambiri mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma abambo anawatenga amayi pa chitengwa, kuchoka nawo ku Kabwazi kubwera kwawo ku Bembeke. Tsiku limenelo atsibweni a amayi anawauza pamaso pa ankhoswe kuti mwana wathuyu takubwerekani chabe, tsiku lake likadzakwana mudzamubweze kuti adzagone pakati pa abale ake. Abambo analonjeza. Atsibweniwo anamwalira kalekale, koma mlongo wawo wa amayi alipo, ndipo abambo akamunena amatsitsabe mawu. Munthu wobwerekayu tsopano ankafuna kudutsa mayiko awiri kupita lachitatu, yekha, pa basi.

Chimene abambo anatulutsa pakamwa chinali cha korona. Chikwatiranire, makolo anga amapemphera korona tsiku lililonse dzuwa likamalowa, pakhonde, asanadye. Abambo amanena theka loyamba la pemphero, amayi n'kuyankha theka linalo. Anandifunsa kuti iwo akanena lawo, linalo ayankhe ndani. Ndinawatsimikizira kuti foni ikagwira ndipo azimva mawu a amayi tsiku lililonse.

Za inshuwalansi ndinakakonzera ku Lilongwe. Ndinakwera minibasi m'mawa, n'kukalowa mu ofesi yozizira kuposa Bembeke ya mu Juni. Mayi wina wa mawu ofatsa anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Anati amayi akadwala paliponse m'mayiko amene adutsemo, wina angoimba nambala imene ili pamwamba pa pepalalo, usana kapena usiku, ndipo adzapezeredwa dokotala, mankhwala, bedi, ngakhale galimoto yowanyamula. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinamufunsa kawiri ngati ali ndi abale kumayiko onsewo, iye n'kuseka. Kenako anaika chala pa mzere womaliza n'kunena mwaulemu kuti zikavuta, thupi limabweretsedwa kwawo. Pamalo olemba munthu woti adziwitsidwe ndinafuna kulemba nambala yanga, koma ndinachita manyazi, n'kulemba ya abambo.

M'njira monse ndinkaganiza za mzere umenewo. Ndinkawadziwa abambo anga, kapena ndinkayesa kuti ndikuwadziwa. Munthu amene salola kuti utchule bokosi pali wodwala, akamva kuti ndalipiriratu ulendo wa maliro a mkazi wawo, adzati ndikulaula, ulendo n'kuthera pomwepo. Ndiye madzulo ake pakhonde ndinawamasulira pepalalo bwinobwino, n'kulumpha mzere womaliza.

Abambo sawerenga Chingerezi, koma kuwerengera amatha. Maso awo ankatsata chala changa.

"Pali mizere isanu ndi umodzi apa. Iwe wanena isanu."

Ndinayesa kuzemba kuti winawo ndi wa malamulo chabe. Anangondiyang'ana mpaka ndinaunena. Amayi anaweramitsa mutu n'kumakonza chitenje pa maondo. Ine ndinkadikira mkuntho.

"Mpaka ku Kabwazi?" anafunsa abambo.

Ndinati mpaka kulikonse kumene ife tinganene.

"Anthu osatidziwa?"

Ndinati inde, osatidziwa.

Anatenga pepalalo ndi manja awiri, monga amalandirira kandulo kutchalitchi. Analiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Anati iwo akhala zaka zonsezi akusenza lonjezo lija okha, osadziwa kuti kunja kuno kuli anthu amene angakuthandize kulisenza. Kenako anati amayi apite. Anapinda pepalalo kangapo mpaka linachepa ngati bokosi la machesi, n'kulilowetsa m'kathumba ka korona kamene amayi amavala m'khosi, m'kati mwa bulauzi. Ndinatsutsa kuti pepala lofunika limakhala m'chikwama pamodzi ndi pasipoti. Anandiyankha kuti chikwama chimabedwa, koma korona amayi anu sasiyana nayo.

Tsopano za foni, apa ndiye pali manyazi anga. Ndinapita pa Boma ku shopu ya kampani ya mafoni. Mtsikana wa pamenepo anandiuza momveka kuti foni ikamapita kunja pamafunika kutsegulitsa chimene amachitcha romingi, ndiponso kusiyamo mayunitsi okwanira. Anati ndibwere ndi foni ya amayiyo tidzakonze limodzi. Ine ndinali nditaima pa mzere nthawi yaitali, foniyo ndinali nditaisiya ku Bembeke, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti anthuwa amangofuna kutiyendetsa.

Nditanena kunyumba, abambo anadabwa kuti tikuvutikiranji. Kunja si uko timakagula zitenje ndi mafuta ophikira? Mozambiki ili pakhomo pathu penipeni. Anati Loweruka ine ndi amayi tiwoloke boda ndi foniyo, iwo atsale pakhonde ndi yawo, tiimbe. Ikagwira ndiye kuti imagwira kunja, ikakana ndiye tidzapite kwa mtsikanayo. Ndinaona kuti ndi nzeru zakuya. Ine, amene ndimajambula mapu pa bolodi n'kumakalipira ana a eni kuti saganiza!

Loweruka tinawoloka pamodzi ndi amayi a geni. Abambo anali atatilangiza kuti tisaime pafupi, tipite m'kati ndithu, mpaka pamene zikwangwani zalembedwa Chipwitikizi ndipo ndalama yake ndi ina. Tinadutsa msika wonse, n'kukaima pansi pa mtengo, pafupi ndi bambo wina wogulitsa matumba a nyemba. Amayi anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, n'kudina ndi chala chimodzi. Kanalira kamodzi kokha, abambo n'kuyankha. Amayi anakuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo kuti ali ku Mozambiki. Abambo anati akumveka ngati ali kukhitchini. Amayi anaseka mpaka misozi, n'kumayang'ana kafoniko mbali zonse. Ngakhale ine ndinagwidwa ndi mantha okoma, kuti mawu a munthu angadumphe malire a dziko popanda womufunsa chiphaso. Kumbuyo kwathu phiri la Dedza linali chiimire, nsanja za mafoni zili pamutu pake, ndipo ndinaliyang'ana ndithu osaganizapo kanthu.

Ananyamuka mu Okutobala, m'mawa wa Lachiwiri. Basi yochokera ku Lilongwe tinaidikirira pa boda pomwepo. Amayi anavala juzi, duku ndi zitenje ziwiri, poti kwa munthu wa ku Bembeke ulendo uliwonse umazizira. Pokwera anandinong'oneza kuti madzi samwa m'njira, sangaimitse basi yodzaza azibambo kuti akufuna kutchire. Ndinaseka, n'kuwapatsa botolo, iwo n'kuliika pansi penipeni pa chikwama. Kondakitala polemba mayina anafunsa nambala ya foni, ine n'kupereka ya amayi omwewo monyadira, poti inali yoyesedwa. Basi itangowoloka amayi anaimba kuti anyamuka. Amenewo anali mawu omaliza.

Dzuwa likulowa abambo anakhala pakhonde, foni ili pa bondo. Anaimba, mawu a mkazi wa m'makina n'kuyankha kuti nambalayo sikupezeka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Ndinawauza kuti mwina ali pakati pa mapiri. Anatulutsa korona, n'kunena theka lawo la pemphero, n'kukhala chete kwa kanthawi kokwana theka linalo, n'kuyambanso. Ndinali pomwepo, pempherolo ndimalidziwa, koma sindinayerekeze kulowa m'malo amene ankasiyawo. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo.

M'mawa mwake kusukulu ndinafotokozera mphunzitsi mnzanga amene anapitako ku Zambia. Nditafika pa za Loweruka anagwira pakamwa kuti asaseke. Anati foni yathu sinachokepo m'Malawi. Inali ikukoka netiweki ku nsanja za paphiri la Dedza, ngati mwana wa ng'ombe amene watulutsa thupi kunja kwa khola koma mlomo uli pa bere la make. Phiri likangobisika, basi, foni yafa. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndinauzidwa, n'kudya phulalo ndithu. Ndinaphunzitsa tsiku lonse osadziwa chimene ndikunena.

Ndinkadzitonthoza kuti akafika ku Joni zonse zitha. Chakumadzulo foni yanga inalira, anali mng'ono wanga. Basi yafika, anthu onse atsika, amayi palibe. Kondakitala anamuuza kuti dzulo lake masana, atafika ku Tete kumene kumatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, mayi wina wachikulire wovala juzi anakomoka. Anamusiya pa chipatala china pamodzi ndi chikwama chake, basi n'kupitiriza. Dzina la chipatalacho sankalikumbuka. Kondakitalayo anati anayesa kuimba nambala imene inali pa mndandanda, koma foni ya nambalayo inali m'chikwama cha wodwala yemweyo, ndiponso yosagwira.

Ndinawauza abambo nditagwada. Ndinaulula zonse, za mtsikana wa pa shopu, za phiri, za botolo la madzi. Ndinkafuna andikalipire. Anangoti nzeru yoyesera inali yawo, tisalimbirane mlandu. Chakudya cha tsiku limenelo chinabwerera kukhitchini chosakhudzidwa.

Kutacha ndinawapeza atavala jekete lawo lakuda la pamaliro. Ine ndinali nditakonzeka kupita pa boda kukapempha chiphaso choti ndikafufuze ku Tete, chipatala ndi chipatala. Iwo anati akupita ku Kabwazi kwa alamu awo. Ndinawachonderera kuti adikire kaye timve zoona zake. Anakana.

"Ndinabwereka munthu. Lero sindikudziwa kumene ali, kaya ali moyo. Eni ake ayenera kumva kwa ine, osati kwa anthu a m'njira."

Tinatsika limodzi kulowera kumsewu, m'kanjira kodutsa m'minda ya kachewere ya kudimba. Nkhungu inali isanachoke. Abambo ankayenda patsogolo, ndipo ndinaona koyamba kuti msana wawo wapindika. Tili pakati pa minda, foni inalira m'thumba la jekete. Anaitulutsa, anamvetsera, n'kundipatsa, akuti ndi Chingerezi.

Anali mayi wa ku inshuwalansi, osati wa ku Lilongwe uja, wina wa kalankhulidwe ka dziko lina. Anatchula dzina la amayi molipotoza, n'kufunsa ngati ndikulankhula kuchokera kwa amuna awo. Nthawi yomweyo ndinakumbuka mzere wachisanu ndi chimodzi. Koma iye anati amayi ali moyo, atsitsimuka. Madzi anawathera m'thupi ndipo magazi anasokonezeka, koma ali pa dilipi, dokotala wawaona, ndipo zonse za chipatala zili m'manja mwawo. Kenako anati ndisadule, andilumikiza.

Posakhalitsa panamveka mawu a mkazi wina akuti, "Muli bwanji kumeneko?" m'Chichewa chathu chomwechi. Anali namwino wa ku Tete, wochokera ku Angonia, kuseri kwa phiri lathu lomweli. Anafotokoza kuti amayi anagona osadziwa kanthu, kafoni kawo kanali katatha moto, ndipo m'chikwama munalibe nambala ina iliyonse yogwira. M'mawa umenewo atatsegula maso, chinthu choyamba anafunafuna m'khosi. Namwinoyo anawathandiza kumasula kathumba kuti atulutse korona, kapepala kopindapinda n'kugwera pa bulangete. Anakatambasula, n'kuimba nambala ya pamwamba.

Ndinaima m'kanjira kaja, mame akunyowetsa nsapato, ndikumva anthu atatu a m'mayiko atatu akupuma m'kafoni kamodzi. Mpaka lero ndikaganiza mutu umaima. Kapepala kamene ndinakatenga pa minibasi, kamene abambo anakapinda ndi zala za dothi, kanadzutsa munthu wa kutali amene sanamvepo za Bembeke, iye n'kuyamba kuthamangira mayi wanga ngati mbale wake. Ndinapereka foni kwa abambo.

Anavula chipewa asanaiike kukhutu. Foni yawo ndi yokuwa, ndiye ndinamva zonse. Mawu a amayi anali ang'onoang'ono, okokera.

"Bambo, mbuzi mwazimasula?"

"Mayi, mwatiopsa."

Abambo anapuma kawiri katatu, kenako, ali chiimire pakati pa kachewere wa eni, m'mawa dzuwa lisanatuluke bwino, anayamba theka lawo la pemphero. Atamaliza anadikira monga anachitira pakhonde masiku awiri aja. Ulendo uno malowo sanakhale opanda kanthu. Amayi anayankha, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Ine ndinakhala pansi pa mzere wa mbatata n'kulira ngati mwana.

Mayi wa inshuwalansi uja anali akadali pa foni, akudikira mwaulemu. Anafunsa ngati tikufuna kuti dokotala akalola, amayi abwezedwe kunyumba. Ndinayankha msangamsanga kuti inde, abwere, ulendo watha. Amayi atamva anati mwana wa mwana wawo sadikira, sanavutikire njira yonseyi kuti akathere pa bedi la ku Tete. Tinayamba kukangana pa foni ya mayiko atatu, ine ndi mayi wanga wodwala, mpaka abambo anakweza dzanja. Anati apitirize ulendo. Anati anthu awa awaona, amasunga mawu, ndipo tsopano akudziwa kuti kulikonse kumene amayi angakhale, njira yobwerera kwawo ilipo.

Ku Kabwazi anapitabe tsiku lomwelo, ndi jekete lomwelo, kukanena zimene zinachitika. Patapita masiku anayi mwamuna wa mng'ono wanga anakawatenga amayi ku Tete, botolo la madzi lili m'manja. Mwana anabadwa amayi atafika kale, wamkazi, ndipo anamusambitsa okha. Kumeneko ankaimba ndi foni ya mng'ono wanga dzuwa likamalowa, korona n'kumayenda theka ku Bembeke, theka ku Joni. Kafoni kawo ka mabatani kanangokhala m'chikwama, kakufa.

Amayi anabwerera mu Disembala, mvula itayamba, mkamwini yemweyo akuwaperekeza. Ine ndi abambo tinafika pa boda m'mawa, ngakhale tinauzidwa kuti basi ifika masana. Abambo anakana kukhala pansi. Anaima pambali pa msewu, ambulera m'dzanja limodzi, foni m'dzanja lina, maso ali kutsidya kumene tinakachitira zopusa zathu zija. Mabasi awiri anadutsa, osati yathu. Mvula inawaza n'kusiya.

Kenako foni inalira. Abambo anaiyang'ana n'kundionetsa. Inali nambala ya amayi, ya kafoni kaja, imene inali isanaonekepo chichokereni m'mawa wa Lachiwiri lija. Ndinazindikira nthawi yomweyo kuti kadzuka chifukwa kafika pamene nsanja zathu zimafikira. Kunapezeka kuti amayi anakatchajitsa asananyamuke, n'kukafumbata pa miyendo njira yonse, akudikira.

"Bambo, ndaliona phiri."

Abambo anatembenuka n'kuliyang'ana nawonso, ngati akuliona koyamba. Kenako anangoti, "Bwerani, ndili pano." Anadula, n'kupukuta foniyo ndi mkono wa jekete nthawi yaitali, ngakhale sinali yonyowa.

Basi isanaoneke n'komwe anandigwira pamkono. Anati mawa ndisapite kusukulu, ndikapemphe kwa ahedi. Anati tipita tonse atatu ku Kabwazi, alamu awo akamuone mlongo wawo akulowa pakhomo ndi miyendo yake.